Mawu a lero a Donald Trump tiziwayerekeza ndi mawu awo a dzulo

(Kalata yolembedwa mu 2024, chisankho cha ku America chisanachitike)

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za chisankho cha pulezidenti chimene chichitike ku America pa 5 Novembala chaka chino cha 2024, makamaka za a Donald Trump amene akuimira chipani cha Republican. Nkhani za kunja zimene tikuwerenga ndi kumva pa wailesi masiku ano zikumangotiuza zimene munthu walankhula dzulo pa msonkhano wa kampeni, osatikumbutsa zimene munthu yemweyo ananena kapena kuchita pa nkhani yomweyo zaka za m'mbuyomu. Zotsatira zake n'zakuti m'maminibasi, m'malo ometera ndi m'magulu a WhatsApp anthu akulankhula motsimikiza kuti a Trump ndi munthu wosapsatira mawu, wodana ndi nkhondo, amene akanena chinthu sabwerera m'mbuyo. Zoti sapsatira mawu ndikuvomereza. Koma zoti sabwerera m'mbuyo, mbiri yawo pa nkhani za nkhondo, chitetezo ndi chilengedwe ikukana, ndipo mbiriyo ili poyera chifukwa zambiri anazilankhula okha pa wailesi, pa kanema ndi pa Twitter.

Sindikunena kuti kusintha maganizo ndi mlandu. Mtsogoleri amene amakakamira pamene anaima ngakhale umboni utamutsutsa ndi woopsa kuposa amene amamva ndi kutembenuka. Chimene ndimayang'ana kwa wandale amene wasintha ndi chakuti kodi wavomera kuti poyamba ankanena zina, kodi wafotokoza chimene chamusinthitsa, ndiponso kodi chimenecho ndi umboni watsopano kapena ndi voti ndi phindu la iye mwini. Pa nkhani ya msonkho, boma likalakwitsa chaka chino limakonza chaka chamawa. Koma pa nkhondo ndi pa nyengo ya dziko lapansi, madzi akatayika saoleka, ndipo nthawi zambiri amene amalira ndi anthu a kutali amene sanafunsidwe n'komwe.

Nkhondo ya ku Iraq ndiyo maziko a mbiri yonse yoti a Trump ndi munthu wa mtendere. Pa kampeni ya 2016 iwo ankabwereza kuti anaitsutsa nkhondoyi isanayambe, ndipo pa mtsutso wa ku South Carolina mu Febuluwale chaka chimenecho anadzidzimutsa anzawo a m'chipani ponena kuti nkhondoyo inali kulakwitsa kwakukulu komanso kuti boma la a George W. Bush linanama pa nkhani ya zida zoopsa zimene linkati a Saddam Hussein ali nazo. Pa mfundo yoti nkhondoyo inali kulakwitsa, ambiri a ife tingavomerezane nawo, chifukwa zida zija sizinapezeke, asilikali a America pafupifupi 4,500 anafera komweko, ndipo anthu a ku Iraq amene anaphedwa ndi oposa 100,000 ngakhale titatenga chiwerengero chochepetsetsa. Vuto lili pa mawu oti anaitsutsa isanayambe. Mu Seputembala 2002, patatsala miyezi isanu ndi umodzi kuti nkhondo iyambe, muulutsi Howard Stern anawafunsa pa wailesi ngati akugwirizana ndi zolowa mu Iraq, ndipo iwo anayankha movomera, ngakhale kuti kuvomera kwake kunali kozizira. Mawu awo otsutsa nkhondoyi mwamphamvu anadzamveka mu 2004 m'magazini ya Esquire, pamene zinthu zinali zitaipa kale ndipo Amereka ambiri anali atayamba kuitembenukira. Akanati ananena kuti poyamba ndinavomera monga anavomerera ambiri, kenako ndinaona kuti tasokera, bwenzi palibe chowadzudzulira. M'malo mwake anasankha kufufuta chiyambicho, n'kumadzudzula a Hillary Clinton chifukwa chovotera nkhondo yomwe iwonso anaigwedezera mutu.

Za ku Libya ziyenera kutikhudza kwambiri ife a mu Africa. Kumayambiriro kwa 2011, pamene a Muammar Gaddafi ankalimbana ndi anthu amene anawaukira, a Trump anajambula uthenga wa pa kanema wolimbikitsa America kulowererapo msanga ndi kuchotsa a Gaddafi kuti anthu wamba asaphedwe. Nthawi imeneyo bungwe la African Union linkayesa njira ya zokambirana, ndipo a Jacob Zuma anapita ku Tripoli pa ntchito imeneyo, koma mabomba a NATO, mgwirizano wa asilikali wa America ndi anzake, ndiwo anapambana. Pofika 2016, Libya atagawikana ndipo zida za kumeneko zitafalikira mpaka ku Mali ndi madera ena a Sahel, a Trump ankanena kuti zinthu zikanakhala bwino a Gaddafi akanakhalapobe, ndipo pa mtsutso wina anakana zoti analimbikitsapo zowachotsa. Anthu a ku Sahel akadali m'mavuto a zigawenga mpaka lero, pamene munthu amene anaombera m'manja nkhondoyo akudziwika ngati amene anachenjeza.

Ku Syria nkhani yake ndi yaifupi. Mu 2013, anthu ataphedwa ndi mpweya wa poizoni pafupi ndi Damascus, a Trump analemba kangapo pa Twitter kuchenjeza a Barack Obama kuti asaphulitse Syria, ndiponso kuti pulezidenti ayenera kupempha kaye chilolezo cha nyumba ya malamulo asanachite zimenezo. Mu Epulo 2017, atakhala pa mpando miyezi yosakwana itatu, analamula kuti mizinga 59 iponyedwe pa bwalo la ndege za nkhondo la Shayrat, popanda chilolezo chija chimene ankati n'chofunika, ndipo chaka chotsatira anaphulitsanso.

Pa nkhani ya Afghanistan ndikufuna kuwapatsa ulemu umene akuyenera, chifukwa apa pali nthawi imodzi imene anasintha mwa njira yoyenera. Kwa zaka zingapo asanalowe m'boma ankanena kuti asilikali a America achoke ku Afghanistan chifukwa nkhondoyo ikungowononga ndalama ndi miyoyo. Mu Ogasiti 2017, polankhula ku Fort Myer, anauza mtundu wawo poyera kuti mtima wawo poyamba unkafuna kuchotsa asilikali, koma kuti zinthu zimaoneka mosiyana munthu ukakhala pa mpando wa pulezidenti, choncho asilikali akhalabe. Munthu akhoza kutsutsa chiganizocho, koma sangatsutse chilungamo cha kafotokozedwe kake, ndipo mawu amenewo akusonyeza kuti a Trump amatha kuvomera kuti asintha akafuna. Chomvetsa chisoni n'chakuti zimene zinatsatira sizinayende mwa njira yomweyo. Pa 29 Febuluwale 2020 boma lawo linasaina pangano ndi a Taliban ku Doha, boma la Afghanistan lisali pa tebulo, kulonjeza kuti asilikali onse adzakhala atachoka pofika 1 Meyi 2021 ndiponso kuti akaidi a Taliban okwana 5,000 adzamasulidwa. Pochoka pa mpando anasiya asilikali pafupifupi 2,500 okha. Mu Epulo 2021, a Joe Biden atalengeza tsiku lochokera, a Trump anati kuchokako ndi chinthu chabwino ndipo dandaulo lawo linali lakuti a Biden akuchedwa. Koma Kabul atagwa mu Ogasiti, ndipo bomba litapha asilikali a America 13 ndi anthu ambirimbiri a ku Afghanistan pa chipata cha bwalo la ndege, nkhani inasanduka yakuti zonsezi ndi manyazi a a Biden okha. Kachokedwe kaja kanalidi kachisokonezo ndipo boma la a Biden liyenera kuyankhapo, koma amene anasaina pangano ndi kuchepetsa asilikali sangalankhule ngati mlendo wongodutsa.

Lero lonjezo lalikulu ndi lakuti nkhondo ya ku Ukraine adzaithetsa m'maola 24, ndipo ndamva anthu kuno akulilandira ndi manja awiri. Ndikuwamvetsa, chifukwa chiyambireni nkhondoyi mu Febuluwale 2022 mtengo wa feteleza, tirigu ndi mafuta unakwera pa misika ya dziko lonse, ndipo mlimi wa ku Kasungu amene sadziwa kuti Kyiv ali mbali iti anaumva ululu wake pa thumba la feteleza. Ngati pali munthu amene angathetsedi nkhondoyi mwachilungamo, tonse tingamuthokoze. Koma tiyang'ane njira imene a Trump ayenda pa Ukraine yemweyo. Kumapeto kwa 2017 boma lawo linavomereza kugulitsa ku Ukraine mizinga yophulitsira akasinja ya Javelin, chinthu chimene boma la a Obama linakana, ndipo mpaka lero amadzitamandira nacho. Mu 2019 anaimitsa thandizo la chitetezo la pafupifupi madola 400 miliyoni lopita ku dziko lomwelo, nthawi imene ankapempha pulezidenti wa dzikolo a Volodymyr Zelensky kuti afufuze banja la a Biden, ndipo nkhaniyi ndi imene inachititsa kuti nyumba ya malamulo iwaimbe mlandu mu Disembala chaka chimenecho. Pa mtsutso wa ku Philadelphia mwezi wa Seputembala wapitawu anafunsidwa ngati akufuna kuti Ukraine apambane, ndipo sanayankhe kuti inde kapena ayi. Lonjezo la maola 24 silinabwere ndi ndondomeko yoti munthu n'kuiwerenga, ndipo ife tikulikhulupirira chifukwa choti tatopa ndi mitengo, osati chifukwa choti taona umboni.

Pa chitetezo, chitsanzo chodziwika ndi cha NATO, mgwirizano wa asilikali umene lamulo lake lalikulu ndi lakuti dziko limodzi likaukiridwa ndiye kuti onse aukiridwa. Lamulo limeneli lagwiritsidwa ntchito kamodzi kokha m'mbiri, ndipo kunali kuthandiza America yemweyo zigawenga zitaukira pa 11 Seputembala 2001. Pa kampeni ya 2016 a Trump ankati NATO ndi chinthu chachikale chimene chinatha ntchito. Mu Epulo 2017, ataima pambali pa mlembi wamkulu wa bungweli a Jens Stoltenberg, anati tsopano silachikalenso. Mu Febuluwale chaka chino, pa msonkhano wa ku Conway ku South Carolina, anafotokoza kuti anauzapo mtsogoleri wa dziko lina kuti ngati salipira mokwanira sadzamuteteza, ndipo adzalimbikitsa Russia kuchita chilichonse chimene akufuna. Dandaulo lawo loti maiko a ku Ulaya amaika ndalama zochepa pa chitetezo chawo lili ndi mutu, ndipo a Obama nawonso ankalinena. Koma pangano la chitetezo limagwira ntchito pokhapokha mdani akakhulupirira kuti lidzasungidwa, ndipo munthu amene amaliyamikira lero n'kulinyoza mawa amalifooketsa ngakhale atapanda kutulukamo. Momwemonso pa nkhani yozunza akaidi: mu Febuluwale 2016 analonjeza kubwezeretsa mchitidwe womangirira mkaidi pa thabwa, kumuphimba nsalu kumaso ndi kumuthira madzi mpaka amve ngati akumira, ndipo anati adzawonjezera zoposa pamenepo. Atalowa m'boma anati asiyira nduna yawo ya chitetezo a James Mattis amene ankatsutsa mchitidwewu, koma anawonjezera kuti iwo eni akukhulupirirabe kuti kuzunza kumathandiza. Kotero mchitidwewo sunabwerere, mwa zina, chifukwa cha munthu amene anali pafupi nawo nthawi imeneyo, ndipo munthuyo anachoka kale.

Achinyamata athu amene amakhalira pa TikTok aidziwe nkhani iyi. Mu Ogasiti 2020 a Trump anasaina lamulo lofuna kutseka TikTok ku America ponena kuti ndi chiopsezo pa chitetezo cha dziko, chifukwa kampani yake ndi ya ku China ndipo ikhoza kupereka zinsinsi za anthu ku boma la kumeneko. Makhoti ndiwo anaimitsa lamulolo. Mu Malichi chaka chino, aphungu a zipani zonse ziwiri atagwirizana pa bilu yokakamiza kuti TikTok agulitsidwe kapena atsekedwe, a Trump anaitsutsa ponena kuti kutseka TikTok kungalemeretse Facebook, ndipo mu Juni anatsegula tsamba lawo pa TikTok pomwepo kuti akope mavoti a achinyamata. Pakati pa 2020 ndi 2024 mwini wa kampaniyo sanasinthe. Ngati chiopsezo chinalipo mu 2020 ndiye kuti chilipobe, ndipo ngati panalibe ndiye kuti dzina la chitetezo cha dziko linagwiritsidwa ntchito pachabe.

Koma nkhani imene yandichititsa kulemba kalata ino ndi ya chilengedwe, chifukwa imeneyi imafika mpaka pa khomo pathu. Mu Disembala 2009, atsogoleri a dziko lapansi akukonzekera msonkhano wa za nyengo ku Copenhagen, gulu la eni bizinesi linagula tsamba lathunthu m'nyuzipepala ya New York Times kupempha a Obama ndi aphungu kuti achitepo kanthu mwamphamvu pa kusintha kwa nyengo, ndi kuchenjeza kuti kulephera kutero kudzabweretsa mavuto osabwezeka. Pakati pa osaina panali a Donald Trump ndi ana awo atatu. Mu Novembala 2012 munthu yemweyo analemba pa Twitter kuti nkhani ya kutentha kwa dziko inapekedwa ndi Matchaina pofuna kugwetsa mafakitale a America. Mu 2016, akuuza ovota kuti nkhaniyi ndi bodza, kampani yawo inali ikupempha chilolezo chomanga khoma loteteza bwalo lawo la gofu ku Doonbeg m'dziko la Ireland, ndipo zikalata za pempholo zinatchula kutentha kwa dziko ndi kukwera kwa nyanja ngati zifukwa zoopera kuti gombe likokoloka. Atangopambana chisankho anauza atolankhani a New York Times kuti pa pangano la za nyengo la ku Paris ali ndi mtima womasuka, ndipo akuona kuti pali kugwirizana kwina pakati pa zochita za anthu ndi nyengo. Pa 1 Juni 2017 analengeza kuti America akutuluka m'panganolo. A Biden anabwezeretsa dzikolo mu Febuluwale 2021, ndipo a kampeni ya a Trump anena kale kuti akapambana adzatulukanso. Chimene chimandipweteka pa mndandanda umenewu ndi nkhani ya khoma lija. Sayansi imene ndi yabodza pa nsanja ya kampeni inakhala yoona pamene katundu wa mwini wake anali pa chiopsezo.

Palinso zina zing'onozing'ono zimene zikuonetsa kumene mphepo yosinthitsa maganizo imachokera. Mu Januwale 2018 boma lawo linakonza zotsegula pafupifupi magombe onse a America kuti makampani azikumba mafuta m'nyanja, koma mu Seputembala 2020, patatsala miyezi iwiri kuti anthu avote, anapita ku Jupiter ku Florida kukasaina chiletso cha kukumbako m'magombe a Florida, Georgia ndi South Carolina, madera amene ankafuna mavoti ake ndipo anthu ake amadalira alendo obwera kunyanja. Magalimoto oyendera magetsi akhala akuwanyoza kwa nthawi yaitali, koma mu Ogasiti chaka chino ku Atlanta ananena okha kuti tsopano ayenera kuwavomereza chifukwa a Elon Musk, mwini wa Tesla, awathandiza pa kampeni. Ndipo anansi athu a ku Zambia ndi Zimbabwe akukumbukira za njovu: mu Novembala 2017 boma la America linalengeza kuti alenje olemera aziloledwa kulowetsa minyanga ndi ziwalo za njovu zophedwa m'maiko awiriwa, anthu atakwiya a Trump anaimitsa chilolezocho n'kunena kuti ulenje wotere ndi wonyansa, koma pofika Malichi 2018 zilolezo zinayamba kuunikidwa chimodzichimodzi mwakachetechete. Kaya munthu amagwirizana ndi ulenjewu kapena ayi, oyang'anira nkhalango ndi midzi yozungulira sangakonze ntchito yawo pa ndondomeko imene imasintha katatu m'miyezi inayi.

Wina adzafunsa kuti ife Amalawi zikutikhudza bwanji, popeza sitivota ku America. Ine ndinali mu Blantyre mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anatigwera, ndipo ndinafika ku Chilobwe mvula itangoleka pang'ono. Pamene panali nyumba panali msewu wa matope ofiira ndi miyala ikuluikulu yochokera m'phiri la Soche, ina yaitali kuposa munthu. Anyamata ankakumba ndi makasu ndi mafosholo obwereka, ena ndi manja, ndipo akamva fungo ankaitana anzawo kuti akumbe pamenepo. Mayi wina anali atakhala pa chidutswa cha khoma atagwira poto wopindika, osalira, akungoyang'ana pamene ankakumbapo. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa m'dziko muno, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake namondwe wa Ana anali atawononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kutichotsera pafupifupi mamegawati 130, ndipo asayansi a World Weather Attribution anapeza kuti kutentha kwa dziko kunawonjezera mvula ya anamondwe a nyengo imeneyo kuno, ku Mozambique ndi ku Madagascar. Chaka chino ndi ng'amba, ndipo boma linalengeza za tsoka m'maboma 23 mwa 28. Africa yense amatulutsa mpweya wotenthetsa dziko wosakwana magawo anayi pa 100 aliwonse, pamene America yekha ndiye watulutsa wochuluka kuposa dziko lina lililonse m'mbiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mpweya wonse wochokera ku malasha, mafuta ndi gasi.

Ndipo nkhaniyi siithera pa mpweya wokha, pali ndalama. A Obama analonjeza madola 3 biliyoni ku thumba la Green Climate Fund lothandiza maiko osauka kulimbana ndi kusintha kwa nyengo, ndipo pochoka pa mpando anali atapereka 1 biliyoni. A Trump anaimitsa zotsalazo. Thumba limeneli si nthano kwa ife, chifukwa imodzi mwa ntchito zoyambirira zimene linavomereza mu 2015 inali ya kuno ku Malawi, yolimbikitsa zipangizo zoyezera nyengo ndi njira zochenjezera alimi, asodzi a pa nyanja ndi anthu a m'madera osefukira madzi ngozi isanafike. Ntchito zotere, monganso kumanga madamu, milatho yolimba ndi kusamutsa midzi ya ku Nsanje ndi Chikwawa kupita kumtunda, zimafuna zaka khumi kapena makumi awiri. Sizingayende ngati dziko lolemera kwambiri likulowa ndi kutuluka m'mapangano zaka zinayi zilizonse. Tinaziona kale ndi pangano la za nyengo la Kyoto limene boma la a Bill Clinton linasaina mu 1998 ndipo a Bush analikana mu 2001, koma tsopano kusinthasinthako kwafika pokhala mwa munthu mmodzi.

Ndikudziwa kuti owerenga ena anena kuti ndikukondera, choncho ndinene kuti muyeso womwewu uyenera kugwira ntchito kwa a Kamala Harris. Mu 2019, akufuna kuimira chipani cha Democratic, ananena mosabisa kuti akugwirizana ndi zoletsa fracking, njira yophwanya miyala ya pansi ndi madzi amphamvu pofuna kutulutsa gasi ndi mafuta. Chaka chino akuti sadzailetsa, ndipo aliyense akudziwa kuti Pennsylvania, dera limene lingagamule chisankhochi, limadalira gasi ameneyu. Kufotokoza kwawo koti mfundo zawo za mumtima sizinasinthe sikunandikhutiritse, ndipo boma limene iwo ali wachiwiri kwa pulezidenti linangolonjeza madola 17.5 miliyoni ku thumba latsopano lolipira zowonongeka ndi nyengo pa msonkhano wa ku Dubai chaka chatha, ndalama zimene sizingamange ngakhale milatho imene Freddy anakokolola ku Mulanje ndi Phalombe. Ndakhalitsa pa a Trump chifukwa kusintha kwawo n'kochuluka, kukukhudza mizati yonse itatu, ndipo kawirikawiri kumabwera ndi kukana kuti mawu oyamba aja analankhulidwapo. Ena amati kusadziwika kwa maganizo awo ndi nzeru ya dala, yoti adani azikhala ndi mantha. Mwina kwa Russia kapena China zimenezo zingagwire ntchito, koma dziko laling'ono ngati lathu, limene bajeti yake ya zaumoyo ndi ya ngozi zogwa mwadzidzidzi imadalira kwambiri thandizo la kunja, silipindula kanthu ndi bwenzi losadziwika kumene lidzaime mawa.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi lakuti mukamalemba zimene a Trump kapena a Harris alankhula pa nkhondo, chitetezo ndi nyengo, muziwonjezera ndime imodzi yokha yotikumbutsa zimene ananena ndi kuchita pa nkhani yomweyo m'mbuyomu, ndi chaka chake, kuti owerenga m'Chichewa akhale ndi mwayi woyeza umene owerenga nyuzipepala za kunja ali nawo. Chachiwiri, msonkhano wa za nyengo wa COP29 ukuyamba ku Baku m'dziko la Azerbaijan pa 11 Novembala, patangopita masiku asanu ndi limodzi chisankho cha ku America chitachitika, ndipo nkhani yake yaikulu ndi ya ndalama zimene maiko olemera azipereka ku maiko osauka. Malawi ndiye akutsogolera gulu la maiko osaukitsitsa pa zokambirana zimenezi. Tumizani mtolankhani wanu ku unduna woona za chilengedwe nthumwi zathu zisananyamuke, akafunse kuti zakonzekera chiyani ngati America atulukanso m'pangano la ku Paris, ndi maiko ati amene zikukambirana nawo kuti atseke mpata umenewo, ndiponso ntchito ziti za m'chigwa cha Shire zimene zingaime ndalamazo zikapanda kubwera.

Ine wowerenga wanu,
Wa ku Chilomoni, Blantyre